Kia Tasman: pikapu imodzi, nanga bwanji mayiko akuilandira mosiyana chonchi?

Pa 29 Okutobala 2024, kampani ya Kia ya ku South Korea inavundukula pikapu yake yatsopano pa chionetsero cha magalimoto mumzinda wa Jeddah ku Saudi Arabia. Inaionetsanso ku Hobart, pachilumba cha Tasmania ku Australia, dera lomwe kunachokera dzina lake loti Tasman. Zithunzi zitangofalikira, okonda magalimoto anagawikana. Ena anati sanaonepo pikapu yosaoneka bwino chonchi. Ena anati anatopa ndi mapikapu ofanana nkhope, bola iyi munthu amaizindikira ikadali patali.

Chomwe chasokoneza ambiri ndi nkhani zomwe zabwera pambuyo pake. Ku Korea akuti galimotoyi inadzutsa msika womwe unali utagona. Ku Australia akuti malonda anayamba motsika kusiyana ndi momwe eni ake ankayembekezera. Ku America, dziko lomwe limagula mapikapu ambiri kuposa lina lililonse, sikugulitsidwa n'komwe. Galimoto ndi yomweyi, yochokera ku fakitale ya Kia ya ku Hwaseong. Kuti kusiyanaku kumveke, tiyenera kupatula zinthu zomwe anthu amazisakaniza akamakangana: momwe galimoto yapangidwira kunsi, momwe ikuonekera kunja, msonkho womwe imakumana nawo pa chipata cha dziko, ndi munthu amene amatulutsa ndalama zogulira.

Chasisi payokha, bodi payokha

Magalimoto amapangidwa m'njira ziwiri zikuluzikulu. M'njira yoyamba, bodi yonse ndiyo imanyamula kulemera. Zitsulo zapansi, zam'mbali ndi denga zimawotcheredwa pamodzi n'kukhala chinthu chimodzi. Umu ndi momwe magalimoto ang'onoang'ono ambiri amapangidwira masiku ano, chifukwa amapepuka, samwa mafuta ambiri, ndipo amayenda mofewa pa tala. M'njira yachiwiri, pansi pamakhala chasisi ya zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa. Injini, magiya ndi matayala zimamangidwa pa chasisiyo, kenako malo okhala anthu ndi malo a katundu amaikidwa pamwamba ndi mabawuti. Aliyense amene anaonapo ngolo ya ng'ombe ikukhomedwa aimvetsa njirayi: mphamvu ili mu mitanda yapansi ndi ekiselo, ndipo bokosi lapamwamba likhoza kuchotsedwa n'kuikapo lina.

Tasman inapangidwa m'njira yachiwiriyi, monga Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max, Mitsubishi Triton ndi Nissan Navara. Kumbuyo ili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Imanyamula katundu wa pafupifupi tani imodzi, imakoka thirela yolemera makilogalamu 3,500, ndipo Kia imati imawoloka madzi akuya mamilimita 800. Kutalika kwake ndi mamita 5.4. Manambala amenewa sanasankhidwe mwachisawawa. Makamaka makilogalamu 3,500 aja ndiwo muyezo womwe ogula a ku Australia amafunsa poyamba, ndipo pikapu yosafikapo ambiri amaichotsa pa mndandanda asanaione n'komwe.

Galimoto yokhala ndi mbali ya anthu ndi mbali ya katundu ili ndi mbiri yaitali ku Australia. Mu 1934 kampani ya Ford ku Geelong inatulutsa galimoto yomwe inajambulidwa ndi Lew Bandt, potsatira kalata ya mkazi wa mlimi wina yemwe ankafuna galimoto yopitira ku tchalitchi Lamlungu ndi kunyamulira nkhumba kumsika Lolemba. Kufikira lero anthu a kumeneko amatcha galimoto zamtunduwu kuti ute. Pempho la mayi uja silinasinthe kwenikweni, koma mbali ya Lamlungu ndiyo yakula. Pikapu ya zitseko zinayi, yomwe timaitcha double cab, lero ndi galimoto ya banja, yoperekera ana kusukulu ndi kupitira kutchuthi. Apa ndi pomwe nkhani ya maonekedwe imalowera.

Kia si mlendo pa magalimoto onyamula katundu. Inkapanga kapikapu ka Brisa m'zaka za m'ma 1970, imapanga malole ang'onoang'ono a Bongo kuyambira 1980, ndipo yakhala ikupangira asilikali a dziko lawo magalimoto kwa zaka zambiri. Koma m'gulu la Hilux ndi Ranger, Tasman ndiyo yoyamba.

Nkhope yomwe yautsa mkangano

Maonekedwe a galimoto sabwera mwangozi. Kampani imakhala ndi gulu la ojambula lomwe limagwira ntchito zaka zingapo galimoto isanatuluke, ndipo ku Kia gululi limatsogoleredwa ndi Karim Habib, yemwe anagwirapo ntchito ku BMW ndi ku Infiniti. Kia inanena poyera kuti inapewa dala nkhope yomwe mapikapu ambiri atengera, ya grille (sefa yakutsogolo yolowetsa mpweya ku injini) yaikulu yonyezimira ndi magetsi otambalala, ndipo inafuna galimoto yooneka ngati chida chogwirira ntchito.

Zomwe anthu akulozera chala ndi ziwiri makamaka. Choyamba ndi magetsi akutsogolo. Ndi ang'ono, oimirira, ndipo anakankhidwira kumapeto kwenikweni kwa galimoto, moti pakati pa nkhope pamaoneka potakata ndipo maso ali kutali ndi mphuno. Chachiwiri ndi madigadi. Pa mapikapu ambiri, pulasitiki kapena chitsulo chapamwamba pa tayala chimazungulira motsatira tayalalo. Pa Tasman ndi chipulasitiki chakuda chogona chopingasa pamwamba pa tayala, chosatsikira m'mbali, ndipo chakutsogolo chimalumikizana ndi magetsi aja. Galimoto ikakhala ya mtundu wowala, zidutswa zakudazi zimaonekera kwambiri. Okonza anaziika pa ntchito: za kumbuyo, china chimabisa pothirira mafuta, china chili ndi kabokosi kosungiramo tinthu. Koma diso la munthu limayamba laona chinthu lisanafunse ntchito yake.

M'kati nkhani ndi ina. Ambiri amene aiyendetsa n'kulemba za iyo amayamikira mipando yakumbuyo yomwe imapendekeka, chinthu chosowa pa ma double cab ambiri momwe okhala kumbuyo amakhala chowongoka ulendo wonse. Amayamikiranso masikirini akutsogolo, malo osungiramo katundu pansi pa mpando wakumbuyo, ndi kuchepa kwa phokoso. Choncho si zachilendo kumva munthu yemweyo akunena kuti kunja sikumusangalatsa koma m'kati mulibe mnzake.

Kodi nkhope yachilendo imapha malonda? Mbiri imayankha mbali zonse ziwiri. Dodge Ram ya 1994 ku America inatuluka ndi boneti yotukuka ndi madigadi otsika ngati a thiraki yaikulu yapamsewu. Ambiri sanaikonde, koma amene anaikonda anaikondetsetsa, ndipo malonda anaposa kuwirikiza kawiri m'chaka choyamba chomwe. Mapikapu ambiri a lero anatengera nkhope yaukali kuchokera pamenepo. Mazda BT-50 ya 2011 inayenda njira ina. Kunsi inali yofanana ndi Ford Ranger, koma nkhope yake inali yopindikapindika ngati ya galimoto yaing'ono yam'tauni. Ranger inagulidwa kwambiri, BT-50 inatsalira, ndipo Mazda inachita kukonzanso nkhopeyo patapita zaka zochepa. Palinso Mercedes-Benz X-Class, yomwe inatuluka mu 2017 itamangidwa pa chasisi ya Nissan Navara. Palibe ankadandaula za maonekedwe ake, koma mtengo unali wokwera ndipo ogula ankadziwa chomwe chinali kunsi kwake. Pofika 2020 inasiya kupangidwa. Pa zitatuzi zikuoneka kuti nkhope imatha kukweza galimoto kapena kuigwetsa, komanso kuti nkhope yabwino payokha siipulumutsa.

Pali mbali ina ya maonekedwe yomwe siichokera kwa ojambula okha. Mabungwe oyeza chitetezo cha magalimoto amaonanso zomwe zingachitikire munthu woyenda pansi akagundidwa. Mu 2025 bungwe la ANCAP, lomwe limayeza magalimoto a ku Australia ndi New Zealand, linapatsa Tasman nyenyezi zisanu, omwe ndi malikisi apamwamba kwambiri, koma pa mitundu ina yokha, yomwe bampala yake yakutsogolo imatsika pansi. Mitundu ya X-Line ndi X-Pro, yomwe bampala yake inadulidwa kuti isamakhule miyala m'tchire, sinalowe mu chiweruzocho. Zimenezi n'zofunika chifukwa makampani akuluakulu ambiri, monga a migodi ndi a zomangamanga, sagula galimoto yopanda nyenyezi zisanu.

Zikuoneka kuti Kia inamva madandaulo. Mu Epulo 2025, pa chionetsero cha ku Seoul, inaonetsa Tasman yongoyesera yotchedwa Weekender, yomwe madigadi ake anali okulirapo ndi opakidwa utoto wofanana ndi bodi. Ambiri amene anainyoza poyamba anati iyi ndiye ikanatuluka.

Msonkho wa nkhuku

Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti, ngati anthu a ku America amakonda mapikapu chotere, bwanji Kia sinayambire kumeneko? Yankho lake linayamba ndi nkhuku.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, alimi a ku America anayamba kuweta nkhuku zochuluka pa mtengo wotsika n'kumazitumiza ku Europe. Mayiko a kumeneko, makamaka West Germany ndi France, anakweza msonkho pofuna kuteteza alimi awo. Pobwezera, Pulezidenti Lyndon Johnson anaika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wa mitundu inayi, kuyambira mu Januwale 1964: brandy, sitalichi ya mbatatesi, dextrin (ufa wopangidwa kuchokera ku sitalichi), ndi magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu. Chomalizachi chinkalunjika pa magalimoto a Volkswagen. Patapita nthawi msonkho wa zinthu zitatu zija unachotsedwa, koma wa magalimoto unatsala mpaka lero, ndipo anthu amautchabe msonkho wa nkhuku. Kwa zaka zambiri galimoto wamba yonyamula anthu inkalipira 2.5 peresenti yokha polowa ku America, pomwe pikapu inkalipira kuwirikiza kakhumi.

Makampani akhala akuyesa njira zouzembera. Subaru, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, inamangirira mipando iwiri m'malo a katundu a kapikapu kake ka BRAT kuti kawerengedwe ngati galimoto ya anthu. Ford inkaitanitsa ma Transit Connect kuchokera ku Turkey ali ndi mipando yakumbuyo, n'kuichotsa akangodutsa pa kasitomu. Mlandu wake unatha mu 2024 kampaniyo itavomera kulipira boma madola 365 miliyoni. Njira yodalirika ndi yopangira pikapuyo konko kapena m'mayiko oyandikana nawo omwe ali mu mgwirizano wa zamalonda. N'chifukwa chake Hyundai, yomwe ili m'banja limodzi ndi Kia, inasankha kupangira pikapu yake ya Santa Cruz ku Alabama, ku America komweko.

South Korea ndi America ali ndi pangano la zamalonda, ndipo poyamba msonkho wa mapikapu unayenera kutha pofika 2021. Panganoli litakambidwanso mu 2018, chakacho chinasunthidwira ku 2041. Choncho Tasman yochokera ku Hwaseong ikanafika ku America ili yodula kuposa Toyota Tacoma kapena Ford Ranger isanatsike n'komwe m'sitima. Apa nkhope ilibe mlandu. Mu Epulo 2025 Kia inauza eni masheya kuti msika wa North America idzaupangira pikapu ina yosiyana, ndi kuti ikufuna kugulitsa ma Tasman pafupifupi 80,000 pachaka m'misika ina yonse.

Australia, komwe mayeso enieni ali

Australia inasiya kupanga magalimoto ake ambirimbiri mu 2017, pomwe mafakitale a Toyota ndi Holden anatsekedwa, Ford itatseka kale mu 2016. Mapikapu ambiri omwe amagulitsidwa kumeneko amachokera ku Thailand, ndipo chifukwa cha mapangano a zamalonda, ochokera ku Thailand ndi ku Korea omwe salipira msonkho wolowera. Bwalo ndi losalala, aliyense amalimbana ndi mphamvu zake.

Koma ndi bwalo la akatakwe. Hilux inali galimoto yogulidwa kwambiri m'dziko lonselo kuyambira 2016 mpaka 2022. Ranger inailanda mpandowo mu 2023 ndipo inausunga mu 2024, chaka chilichonse ikugulitsa zoposa 60,000. Kia inalengeza kuti ikufuna kugulitsa ma Tasman pafupifupi 20,000 pachaka, gawo limodzi mwa magawo khumi a msika wa mapikapu. Inakonzekera mwamphamvu. Akatswiri ake a ku Australia anatenga nawo mbali pa kayendedwe ka galimotoyi, dzina linasankhidwa lokomera anthu a kumeneko, ndipo kutsatsa malonda kunayamba miyezi yambiri galimoto isanaonekere, pogwiritsa ntchito akatswiri amasewera otchuka. Kia imadziwikanso kale kumeneko ngati wothandiza mpikisano wa tenesi wa Australian Open kuyambira 2002, ndipo magalimoto ake amakhala ndi chitsimikizo (waranti) cha zaka 7.

Malonda anayamba pakati pa 2025, mitengo ya double cab ikuyambira pa madola a ku Australia 42,990 mpaka 74,990. Kuti 20,000 ikwane pamafunika magalimoto oposa 1,600 mwezi uliwonse. M'miyezi yoyambirira chiwerengero sichinkafika 1,000.

Anthu amamasulira zimenezi mosiyana, ndipo aliyense ali ndi pogwira. Ena amati ndi nkhope basi, chifukwa munthu wogula ndi ndalama zake, amene aziiona galimotoyo pakhomo m'mawa uliwonse, sangatulutse ndalama zambiri chonchi pa chinthu chomwe anzake akuchiseka. Ena amaloza injini. Tasman ya ku Australia ili ndi injini imodzi yokha, ya dizilo ya malita 2.2 ya masilinda anayi yotulutsa mphamvu ya makilowati (kW) 154, yomwe imapezekanso mu Kia Sorento ndi Carnival. Siyofooka, koma Ranger imapereka injini ya dizilo ya masilinda asanu ndi limodzi (V6) ya makilowati 184 kwa ofuna mphamvu zokokera makalavani. Enanso amati Kia inaika mtengo pafupi kwambiri ndi wa Hilux ndi Ranger, pomwe mlendo pa msika nthawi zambiri amayamba wotsika kuti anthu amuyese. Ndipo mitundu ya ntchito, ya zitseko ziwiri ndi yopanda bokosi kumbuyo, yomwe amisiri ndi makampani amagula, inafika mochedwerapo.

Palinso mdani yemwe sanali pa msika pomwe Tasman inkajambulidwa. BYD ya ku China inabweretsa Shark 6, pikapu yoyendera petulo ndi batire lotchajidwa pa magetsi, pa mtengo wa madola 57,900. Mtundu wake woyamba unkakoka makilogalamu 2,500 okha, koma anthu anaigula mwaunyinji mu 2025. Izi zinaonetsa kuti ogula ambiri a double cab sakoka katundu wolemera kawirikawiri, ndiponso kuti dzina latsopano likhoza kugwira msika likabwera ndi chinthu chomwe ena alibe. Pa nthawi yomweyo boma la Australia linayamba mu 2025 lamulo lomwe limalipiritsa makampani ngati utsi wa magalimoto awo onse, akauphatikiza, wapitirira mlingo woikika, ndipo mlingowo ukutsika chaka ndi chaka. Pikapu ya dizilo yokha idzakhala yolemetsa kwa kampani m'zaka zikubwerazi.

Korea ndi mayiko a Aluya

Kwawo ku Korea zinthu zinayenda mofewa. Msika wa mapikapu kumeneko ndi waung'ono: unatsika kuchoka pa magalimoto oposa 40,000 mu 2019 kufika pansi pa 15,000 mu 2024, ndipo kwa zaka zambiri unali m'manja mwa kampani imodzi, SsangYong, yomwe lero ndi KG Mobility. Misewu yam'mizinda ndi malo oimikapo magalimoto ndi opanikiza, ndipo wamalonda wofuna kunyamula katundu amagula Bongo kapena Hyundai Porter. Wogula pikapu amakhala munthu wokonda kukagona kutchire kapena kukawedza. Chomwe chimamukopa china n'chakuti pikapu imalembedwa ngati galimoto ya katundu, ndipo msonkho wake wa pachaka ndi ma won (ndalama za ku Korea) 28,500 okha. Tasman itayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa 2025, pa mtengo woyambira ma won 37.5 miliyoni ndi injini ya petulo ya malita 2.5, anthu oposa 4,000 anaiitanitsa mwezi usanathe. Pa msika waung'ono chonchi nambalayi ndi yaikulu. Ku Australia ikanakhala ya masabata ochepa a Ranger.

Kusankha Jeddah kunali ndi tanthauzo. M'mayiko a Aluya monga Saudi Arabia petulo ndi wotsika mtengo, malamulo a utsi sanakhwime ngati a ku Europe, ndipo Kia ili ndi ogulitsa ambiri kale. Koma kumenekonso dzina la Toyota linazika mizu m'chipululu kwa zaka zambiri.

Africa ndi funso la sipeya

Kia inatchula Africa ngati umodzi mwa misika ya Tasman. Msika waukulu wa mapikapu atsopano kuno ndi South Africa, komwe amawatcha bakkie, ndipo zotchinga zake zimafanana pang'ono ndi za ku America. Hilux imapangidwa ku Prospecton pafupi ndi Durban, Ranger ndi Volkswagen Amarok ku Silverton mu Pretoria, D-Max ku Gqeberha. Galimoto yobwera yathunthu kuchokera ku mayiko ngati Korea imalipira msonkho wa 25 peresenti. Tasman iyenera kupikisana ndi magalimoto opangidwa pakhomo, komanso ndi otsika mtengo a GWM ya ku China ndi Mahindra ya ku India.

Kwa ife a ku Malawi ndi Zambia, chiwongolero si vuto, chifukwa Tasman imapangidwanso ya chiwongolero chakumanja. Koma double cab yatsopano kuno imagulidwa kwambiri ndi boma, mabungwe ndi makampani, ndipo iwo amaona mtengo, kupezeka kwa sipeya ndi komwe galimoto ikakonzedwe. Munthu wamba amaipeza itagwira kale ntchito kwina, ndipo amayamba wafunsa ngati makaniko wa ku Mzimba kapena ku Nsanje angaitsegule injini, ndi ngati idzagulike pa mtengo wabwino akadzafuna kuigulitsa. Pa mafunso amenewa Hilux ili patsogolo ndi zaka zambiri, ndipo mawonekedwe a madigadi amabwera kumapeto.

Zomwe zidakali poyera

Funso loyamba ndi lakuti Kia isintha nkhopeyi msanga kapena idikira. Nthawi zambiri galimoto imakonzedwanso nkhope patapita zaka zitatu kapena zinayi. Kufulumira kungakope ogula atsopano, koma kungagwetse mtengo wa magalimoto omwe ogula oyamba ali nawo kale, ndipo amenewo ndiwo anaikhulupirira pomwe ena ankaiseka. N'zothekanso kuti maso azolowera, monga zinachitikira ndi Ram ya 1994.

Kenako pali injini. Dizilo ndiye amene alimi, amigodi ndi ogula a ku Africa amafuna, pomwe malamulo a ku Australia akukankhira makampani ku magalimoto a batire. Kodi chasisi imodzi ingakwanitse kutumikira mbali zonse ziwiri pa mtengo womwe anthu angaufikire, makampani a ku China akutsitsa mitengo chaka chilichonse?

Funso lalikulu kwambiri liyankhidwa ndi zaka. Mbiri ya pikapu imamangidwa ndi magalimoto omwe ayenda makilomita 300,000 m'misewu yafumbi atasenza katundu, ndipo Tasman ndi yatsopano kwambiri kuti ikhale ndi mboni zoterezi. Kodi Kia ili ndi mtima wopirira malonda otsika mpaka mbonizo zipezeke, kapena idzachita monga inachitira Mercedes-Benz patangotha zaka zitatu?